Lipoti la kalabu ya sayansi: tinawerenga zulu pa mwezi pomwe panali maenje

Ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu, cha ku Santhe uku, nde temu yachitatu chaka chino ahedi anangonditula kalabu ya sayansi mmanja poti amene ankaiyendetsa anawasamutsa. Lipotili ndikulembera makamaka anzanga aphunzitsi amene mungafune kuyesa zomwe tinayesazi, kuti musakagwere dzenje lomwe tinagwera ife, ndipo ndikati dzenje ndikunena dzenje lenileni, muona kutsogoloku. Ana anali 14, ambiri a Fomu 3 poti a Fomu 4 nthawi imeneyo mitu inali pa mayeso, tinkakumana Lachitatu lililonse tikaweruka.

Zonse zinayamba ndi mnyamata wina wokhala kumbuyo, uja amafunsa mafunso kuti nthawi ithe, anati "Sala, chombo cha amwenye chija chinatera pa mwezi, bwanji sichinatitimire? Mesa kumeneko nkwa fumbi lokhalokha?" Anzake anaseka koma ine sindinaseke, chifukwa funso limenelo linawasowetsapo tulo asayansi akuluakulu. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa zakuthambo, Thomas Gold, ankanena kuti mwina zigwa za pa mwezi zili ndi fumbi lakuya kwambiri loti chombo chikhoza kumira. Nkhani inadzatha pa 3 Febuluwale 1966 pomwe Luna 9 ya Soviet Union inatera pa chigwa china cha pa mwezi chotchedwa Oceanus Procellarum nkutumiza zithunzi zoyamba zojambulidwa pansi penipeni, chombocho chili gwaa osamira. Pa 2 Juni chaka chomwecho Surveyor 1 ya America inateranso, iyo inatumiza zithunzi zoposa 11,000. Nde ndinawauza ana aja kuti yankho ndikhoza kungokulemberani pa bolodi mukopere, koma bwanji titenge zithunzi zomwezo tizione tokha ngati tingalipeze. Cholinga chinali chimenecho basi: poyang'ana zithunzi zokha, tinganene chani za dothi la pa mwezi ndi maenje ake?

Zida zathu musaseke. Laputopu yanga imodzi ya batire loti ukazula chaja limangokupatsa mphindi 20, bandulo ya usiku yomwe ndinkadzukira 1 koloko kuti ndikopere zithunzi, malula, protractor, kakyuleta, beseni la akazi anga, sefa ya ufa, legeni, ndi tochi ya alonda. Zithunzi ndinakazipulintitsa pa boma, zakuda ndi zoyera, ndipo ichi sichinatipweteke kwenikweni poti mwezi weniweniwo ndi wotuwa kale. Ndinasankha magulu atatu. Za Surveyor 3 yomwe inatera mu Epulo 1967, za Chang'e 4 ya China yomwe inatera pa 3 Januwale 2019 mkati mwa chidzenje cha Von Kármán kumbali ya mwezi yomwe sitimaiona ija, ndi za Chandrayaan-3 ya India ya pa 23 Ogasiti 2023. Ndinaonjezerapo zochepa zojambulidwa kuchokera mmwamba ndi Lunar Reconnaissance Orbiter ya NASA yomwe yakhala ikuzungulira mwezi kuyambira 2009, kamera yake ikatsika bwino kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira pafupifupi theka la mita. Nditawauza kuti kagalimoto ka Chang'e 4 dzina lake ndi Yutu-2 ndipo Yutu ndi kalulu wa nthano za ku China, kalasi yonse inafa nako kuseka eti kalulu ameneyu watopa kupusitsa fisi ndi njovu wafika mpaka kumwezi.

Sabata yoyamba ndi yomwe tinalakwitsa, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinagawa chithunzi cha mmwamba cha malo omwe Chang'e 4 inatera, ndinati werengani chilichonse chozungulira chomwe mukuona mulembe kuti ndi chani. Papepalapo panalibe muvi wosonyeza kumpoto, panalibe mawu, wopulinta uja anadula mmphepete monse kuti chikwane, nde aliyense anangoligwira mmene lamufikira. Patapita mphindi 10 gulu lina likuti tapeza maenje 23, gulu lina likuti ayi ndi zulu 23, timapiri tozungulira ngati chulu cha kudambo. Anayamba kukangana zenizeni. Ine ndinapita kwa a zulu aja, kuyang'ana pepala lawo, aaa zoonadi zatukuka bwinobwino ngati mabanzi, ndipo ndinayamba kale kuwafotokozera kuti mwina nzotsalira za chiphalaphala cha moto, ndikuyankhula motsimikiza ngati ndinapitako. Mawu amenewo ana analemba mmakope mwawo. Ndikamakumbukira ndimachitabe manyazi.

Anatipulumutsa ndi mtsikana wina wa Fomu 3 wosayankhulayankhula. Anapempha laputopu, anakulitsa chithunzicho mpaka chombo chenichenicho chinaoneka, kadontho kowala kali ndi kamthunzi kake pambali. Kenaka anati "Sala, chombochi nchotukuka eti, sichingakhale dzenje. Mthunzi wake wagwera uku. Nde zinthu izi zikanakhala zulu, mdima wake ukanakhala mbali yomweyinso, koma taonani uli mbali inayo." Ndinakhala chete kaye. Anali kulondola. Chinthu chotukuka chimawala mbali yomwe kuli dzuwa, mthunzi nkugwera kutali ndi dzuwa. Dzenje ndi zosemphana, khoma lomwe lili kufupi ndi dzuwa ndi lomwe limakhala mumdima chifukwa mlomo wa dzenje walitchinga, khoma lakutsidya ndi lowala. Ubongo wathu unazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, nde ukagwira pepala moti dzuwa likuchokera kumunsi kwa pepala, dzenje lililonse limatukuka. Tinatembenuza pepala la a zulu aja, pompo zonse zinabooka nkukhala maenje, mwana wina mpaka anakuwa kuti ndi matsenga. Kuyambira tsiku limenelo lamulo la kalabu linali loti usananene chilichonse za chithunzi, peza kaye chinthu chomwe ukudziwa kuti nchotukuka, mwala kapena mwendo wa chombo, uone komwe mthunzi wagwera, ujambule muvi wa dzuwa pakona ya pepala. Ndinawauzanso kuti afufute zachiphalaphala zija ndipo alembe pambali kuti sala analakwitsa, anakondwa nazo kwambiri zimenezo.

Madzulo ake tikutolera katundu, alonda athu, bambo achikulire ndithu omwe anagwirapo ntchito mmaesiteti a fodya zaka zambiri, anali atamva mkangano wonse ali pakhonde. Anati "Aphunzitsi, zimenezo ife timazidziwa. Mukafuna kuona mapazi a wakuba usiku tochi simuiloza pansi chamutu ayi, muigoneke, iwale chopingasa, mapazi onse amadzuka." Anatitengera kuseri kwa labu komwe kuli mchenga, anaigoneka tochi ija, ndipo timapazi ta nkhuku tomwe sitimaoneka masana tinaoneka tonse mpaka zikhadabo. Ndinawapempha kuti sabata yotsatira adzabwereze pamaso pa ana, anabwera atavala jekete. Mfundo yake ndi yomweyo pa mwezi, zithunzi zomwe zimaonetsa bwino maenje ndi zojambulidwa dzuwa lili mmunsi, masana dzuwa lili paliwombo malo onse amangooneka mbee ngati bwalo losesa. Ndipo poti usana umodzi kumeneko umatenga pafupifupi masiku 14 athu, zombo zoyendera sola ngati Chandrayaan-3 amaziteretsa kukungocha kumene kuti zidye dzuwa lonse, nde zithunzi zoyambirira zimakhala ndi mithunzi italiitali.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu tinalowa mu funso lenileni lija la kutitimira, ndipo apa Surveyor 3 ndi mphatso. Chombochi potera ma injini ake ang'onoang'ono sanazime nthawi yake, nde chinadumpha kawiri chisanakhazikike, mkati mwa dzenje la mamita pafupifupi 200, pamalo otsetsereka. Kudumphako kunasiya zidindo za mapazi ake pambali pa pomwe phazi linadzaima, ndipo kamera yake inazijambula. Kamera yakenso ndi yodabwitsa, inaloza kumwamba nkumayang'ana pagalasi lomwe limatembenuka, fumbi la poterapo linadetsa galasilo nchifukwa chake zithunzi zina zili mbuu. Mu Novembala 1969 Pete Conrad ndi Alan Bean a Apollo 12 anatera chapafupi nkuyenda wapansi kukachiona, anajambula phazi lomwelo bwinobwino nkudula kamera ija kubwera nayo kuno, nde tinali ndi zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi, cha loboti ndi cha munthu, patadutsa zaka ziwiri ndi theka, chidindo chili chimodzimodzi ngati chadindidwa dzulo. Kuno chidindo cha phazi pamsewu wa fumbi sichigona, mbuzi, mphepo, njinga, basi chapita.

Muyeso wathu unali phazi lomwelo, lozungulira ngati mbale, pafupifupi masentimita 30 kukamwa kwake. Mwana amayeza phazilo papepala ndi lula, tinene wapeza masentimita 6, nde akudziwa kuti sentimita imodzi papepala ndi 5 pa mwezi, kenaka amayeza khoma la chidindo. Magulu anapeza mayankho osiyana, ena 2 ena mpaka 6, ndipo kusiyanako kunatiphunzitsa kanthu: kamera ya chombo imayang'ana chopendekera, osati chamutu, nde muyeso umagwira pa zinthu zokhazo zomwe zili mtunda umodzi ndi phazilo kuchokera ku kamera, ukangosunthira kumtunda kwa pepala zinthu zafupika kale. Gulu lina linayeza mwala wakutali ndi muyeso wa phazi nkupeza kuti ndi waung'ono ngati nsawawa. Komabe onse anagwirizana pa chachikulu, kuti phazi linalowa masentimita ochepa chabe, osakwana olo kutalika kwa chala.

Mnyamata wa mafunso uja sanagonje. Anati sichinamire chifukwa pa mwezi zinthu zimapepuka. Ndinamupatsa ulemu wake chifukwa nzoona, kukoka kwa mwezi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a kuno, Surveyor 3 inali ya makilogalamu pafupifupi 300 nde kumeneko imapondereza pansi ngati thumba limodzi la feteleza la 50, loligawanso pa miyendo itatu. Koma ndinamuonetsa zina. Chombo chomwecho chinali ndi kamkono kokumbira, kanakumba tingalande mpaka masentimita pafupifupi 17 ndipo makoma ake anaima chilili osagumuka. Ndiponso a Apollo 11 anavutika kuzika mtengo wa mbendera, unangolowa pang'ono nkukana. Ndiye kuti pamwamba pali kafumbi kofewa koma ukangotsika pang'ono dothi lake ndi lothinana zedi. Anati chabwino sala, koma nkhope yake imaoneka kuti akusakabe pena pondigwirira.

Apa mpomwe beseni linalowa ntchito. Funso linali loti dothi louma lopanda olo dontho la madzi lingasunge bwanji chidindo chakuthwa chonchija, mpaka mizere ya kunsi kwa phazi kuoneka? Tinatolera mchenga wa kumtsinje, katondo wouma wosinja nkusefa, phulusa la kukhitchini ya sukulu, ufa woyera pang'ono, ndi fumbi la kwale lomwe linatsala pomanga zimbudzi. Chilichonse tinachiyanika masiku awiri. Kenaka timadinda ndi kunsi kwa botolo la Sobo, nkudula kangalande ndi lula, nkuona. Mchenga wa kumtsinje unalephera mochititsa manyazi, ukangochotsa botolo umathothokera mkati chidindo nkukhala kabeseni kosaoneka bwino, ngalande ndiye osanena. Katondo anayesako. Phulusa ndi ufa zinasunga chidindo bwino koma botolo limamira kwambiri, palibe pomwe limakana. Chomwe chinafanana kwambiri ndi zithunzi ndi fumbi la kwale losefa, titalitsendera pansi nkuwaza lina lomasuka pamwamba, botolo linalowa pang'ono nkuima, mizere yonse ikuoneka, ngalande makoma chilili. Gulu la mchenga linadzabwera ndi chidindo chokongola mwadzidzidzi, kufufuza ndinapeza kuti mmodzi anawazako madzi a mubotolo lake mwakabisira. Sindinamukalipire, ndinangomuuza afotokozere anzake chomwe madziwo achita, ndipo atafotokoza kuti amamatitsa timchenga ndinamufunsa kuti nanga pa Surveyor anawaza ndani.

Yankho lili mu maonekedwe a timbewu ta dothilo. Tinaika mchenga ndi kwale pa pepala loyera nkuyang'ana ndi galasi lokulitsira la mulabu, mchenga wa kumtsinje ndi wobulungira, madzi akhala akuugubuduza zaka ndi zaka mpaka makona anatha, pomwe kwale ndi wongophwanyidwa kumene ndi makina, ali ndi makona ndi mano, amakolana. Pa mwezi palibe mtsinje, palibe mvula, palibe mphepo yoti ipere makonawo. Dothi lake silinaole kuchokera ku masamba kapena manyowa ngati lathu, ndi miyala yosweka basi, yophwanyidwa ndi miyala yogwa kuchokera mlengalenga kwa zaka mabiliyoni, ndipo poti kulibe mpweya woti uziwotche zisanafike, olo kakang'ono ngati kambewu ka fodya kamamenya pansi pa liwiro la makilomita ambiri pa sekondi imodzi, kamasungunula pomwe kagundapo nkupanga tigalasi tomwe timamata timbewu tina pamodzi. Timbewu tambiri ndi tosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Nchifukwa chake linkawakanirira a Apollo pa zovala nkumakanda magalasi, ndipo Harrison Schmitt wa Apollo 17 mu 1972 linamuyetsemulitsa atavula chisoti mkati mwa chombo. Mwana wina anafunsa ngati chimanga chingamere, ndinati tisiye kaye imeneyo tidzaitenge ndi a agriculture.

Masabata awiri otsiriza anali a maenje, ndipo apa ndi pomwe ana anasangalala kwambiri poti legeni inaloledwa pasukulu koyamba. Ndinawerenga za njira yomwe asayansi awiri a NASA, Verne Oberbeck ndi William Quaide, anaipeza m'zaka za m'ma 1960, yodziwira kuya kwa dothi pongoyang'ana maonekedwe a timaenje ting'onoting'ono. Ngati dzenje lathera mu dothi lofewa lokhalokha limakhala ngati mbale yakuya yosalala. Likafika pa thanthwe lapansi, pansi pake pamaphwatalala, pena pamatukuka kachulu pakati, likakulirapo limakhala ngati dzenje mkati mwa dzenje linzake, ndipo mmphepete mumamwazika miyala ikuluikulu. Mwachidule, dzenje limakhala la mbale ngati kukamwa kwake sikunapitirire pafupifupi kanayi kuya kwa dothilo. Nde ukapeza kukula komwe maenje ayambira kuphwatalala, wadziwa kuti thanthwe lili pati osakumba. Tinatsendera katondo wonyowa pansi pa beseni nkumuumitsa mpaka gwa, pamwamba tinathira kwale wosefa masentimita 3, pamwamba penipeni tinawaza ufa woyera kuti tizione komwe zothovoka zikugwera. Timiyala tating'ono timapanga timbale, yokulirapo imafika pa katondo dzenje nkuphwatalala pansi, tizidutswa tofiira nkumwazika pa ufa. Zinagwira, ndipo titabwerera ku zithunzi za Yutu-2 ana anayamba kulozerana okha kuti ili ndi losalala ili lili ndi miyala mmbali. Chongofuna kusamala nchoti miyala ya mmbali ingachokerenso ku zigumukire zakale zokwiririka, osati thanthwe nthawi zonse. Kagalimotoka kali ndi radar yoona pansi, ndipo zomwe zinalengezedwa mu 2020 zinasonyeza dothi losalala la mamita pafupifupi 12 pamalopo, pansi pake nkuyamba miyala. Mmadera akuda aja omwe timawaona ndi maso mwezi ukakhala wathunthu, omwe ndi chiphalaphala chakale chouma, dothi limakhala cha mmamita 4 kapena 5, kumapiri owala aja limafika 10 kapena kuposa, chifukwa ndi kwakale kwambiri kwapunthidwa nthawi yaitali.

Pali pomwe beseni limanama ndipo muyenera kuwauza ana poyera. Akaponya chopendekera dzenje lathu limatalika ngati dzira, pomwe pa zithunzi pafupifupi onse ndi ozungulira. Mtsikana uja ndi amene anazionanso. Chifukwa chake ndi liwiro, legeni imangokankha dothi, koma mwala wobwera pa makilomita 15 kapena 20 pa sekondi umaphulika ngati bomba ukagunda, nde kuphulika kumamwaza mbali zonse mofanana olo unabwera chopendekera, ndipo dzenje limakula kuposa mwalawo kakhumi kapena kuposa. Okhawo obwera chogona kwambiri ndi amene amasiya dzenje lotalika, ngati dzenje lotchedwa Messier pa chigwa cha Mare Fecunditatis. Mwala wathu umatsala uli phee pakati pa dzenje, wa pa mwezi sumaupezamo.

Kuyeza kuya ndi mthunzi tinakuchita mothamanga poti nthawi inatha. Kuya ndi kutalika kwa mthunzi kuchulukitsa ndi tan ya madigiri omwe dzuwa lakwera, tinayesa mubeseni titatseka mawindo ndi zitenje, tochi pa madigiri 20, mthunzi wa masentimita 5 ukupereka pafupifupi 1.8, kuyeza ndi kamtengo zinayandikana. Koma zimagwira ngati mthunzi wathera pakati pa dzenje, ukathera pakhoma wayeza khoma osati pansi, ndipo zimafuna chithunzi cha mmwamba chomwe chalembedwa madigiri a dzuwa. Pa zithunzi za zombo zotera musavutike nazo. Chomwe ana anatola nchoti dzenje latsopano lokulirapo kuya kwake kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa 5 a kukamwa kwake, mlomo wakuthwa, pomwe lakale ndi losaya, mlomo wofufutika, timaenje tina titalowa mkati mwake, nde ukhoza kunena lomwe linayamba ndi lomwe linatsatira ngati mmene umadziwira mapazi omwe aponda pa anzake.

Mtunda ndi wina womwe unatipusitsa kangapo. Ukamachokera ku Lilongwe phiri la Kasungu umaliona labuluu chifukwa cha mpweya ndi utsi zomwe zili pakati, ubongo nkudziwa kuti lili kutali, komanso pali mitengo ndi nyumba zofanizira. Pa mwezi chakutali ndi chapafupi zonse nzakuthwa mofanana, ndipo poti mweziwo ndi waung'ono, munthu woimirira pamalo athyathyathya maso ake amathera pa makilomita awiri ndi theka basi. Ndinawaonetsa chithunzi cha kumapeto kwa 2021 pomwe Yutu-2 inajambula chinthu cha makona anayi chapatali anthu pa intaneti nkumati ndi kanyumba, ana anga nawonso anati ndi kanyumba, wina anati kagolosale. Chinali pa mamita pafupifupi 80, kagalimoto kanatenga masabata kuti kayandikire, nkupeza kuti ndi kamwala wamba pamlomo pa dzenje. Mphunzitsi mnzanga wina anadutsa tsiku limenelo nkunena kuti zonsezi nzojambula mu studio, umboni wake woti kumwamba kulibe nyenyezi. Ndinamuuza kuti usiku akaime pa golosale yowala magetsi ajambule ndi foni yake aone ngati nyenyezi zituluke, kamera ikatchera pa chinthu chowala zofooka zimasowa. Sanabwerenso ndi yankho, koma timamwerabe tiyi limodzi.

Za Chandrayaan-3 tinazisiyira kumapeto poti ndi zomwe zinayambitsa nkhani. Chombo chake choterera, Vikram, chinatera cha pa madigiri 69 kummwera kwa mwezi, kagalimoto kake Pragyan kanayenda mamita pafupifupi 100, ndipo pa 27 Ogasiti kanakumana ndi dzenje la mamita 4 kutsogolo kwake nkubwezedwa mmbuyo, chithunzi chake dzenjelo likungooneka ngati mthunzi wakuda, ana anavomereza kuti akanakhala oyendetsa akanagweramo. Chombocho chinalasa kachitsulo koyezera kutentha mu dothi, pamwamba panali madigiri opitirira 50 koma masentimita 8 okha pansi kunali kozizira mpaka -10. Mwana wina wa kumudzi kwenikweni ndi amene anamasulira bwino kuposa ine, anati ndi ngati agogo ake akakwirira moto ndi phulusa usiku, pamwamba ukhoza kugwira ndi dzanja koma mmawa ukafukula makala ali amoyo, phulusa silidutsitsa kutentha. Ndi zomwezo kungoti mozondoka, kafumbi kofewa kapamwamba kaja, kopanda mpweya pakati pa timbewu take, ndi bulangete. Chizindikirocho chikugwirizana ndi zomwe tinaona pa phazi la Surveyor, zida ziwiri zosiyana zaka 56. Chomwe chinatsala mmalere ndi matayala a Pragyan, anawasema chizindikiro cha ISRO, bungwe la India la zamlengalenga, ndi cha dziko la India kuti azidinda pa dothi akamayenda, koma sizinadindike bwino, pomwe ku Surveyor mizere inatuluka yonse. Ana anagawikana, ena akuti kagalimotoka nkopepuka kwambiri poti ndi ka makilogalamu 26 okha, ena akuti dothi la kummwerako ndi la mibulu. Tinayesa ndi chidindo cha mbatata pa kwale wosefa ndi wosasefa, pa wosasefa sichinatuluke, koma titapepuza dzanja pa wosefa sichinatulukenso bwino, nde mbali zonse ziwiri zinatuluka zikuti zapambana.

Amene mukufuna kuyesa, pulintitsani zithunzi ndi mawu ake onse a mmunsi, muimirire pompo wopulinta asadule, ndipo gulu lililonse lipatsidwe chithunzi cha pansi ndi cha mmwamba cha malo amodzi. Kwale musefe kunja ana atamanga tinsalu kukamwa, ife tsiku loyamba tinasefera mkalasi tinatsokomola mpaka Lachisanu. Legeni agwire mmodzi, ena onse kumbuyo kwake, ndipo beseni likhale lachitsulo. Lathu linali lapulasitiki, tsiku lomaliza mnyamata wa mafunso uja anati akufuna dzenje mkati mwa dzenje, anakoka legeni mpaka kukhutu, mwala unadutsa kwale, unadutsa katondo, nkuboola pansi. Akazi anga ndawalonjeza lina malipiro a mwezi uno akalowa, ndipo thumba la kwale wosefa lili kuseri kwa chitseko cha labu, alonda akuti aziliyang'anira mpaka temu ya mawa.